Nsima ya m'mbali mwa Zambezi: kodi wogula ndi mlendo?

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo,

Miyambi yathu yonena za mlendo ndi yambiri, ndipo yochuluka imazungulira mbale ya nsima. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, choncho mudyetseni osawerengera nkhokwe. Amatinso kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku n'chiwalo, kutanthauza kuti mlendo alandire chimene wapatsidwa popanda kuwiringula. Mwambi woyambawo umalangiza mwini khomo, wachiwiriwo umalangiza wobwera. Koma makolo amene anasula miyambiyi sankaidziwa lesitilanti, nyumba imene munthu amalowamo osaodira, n'kusankha yekha ndiwo, pomaliza n'kupisa m'thumba. Kodi munthu wotere ndi mlendo kapena ndi wogula chabe? Nanga mwambo wathu wa pachakudya umam'manga?

Funso limeneli linandigwira mu 2019 mumzinda wa Tete ku Mozambique, pamene mwana wanga wamwamuna ananditenga pagalimoto, ine ndi agogo anu aakazi, kuti tikaone mlongo wake ku Harare. Tinatulukira pachipata cha Dedza, n'kudutsa ku Angónia kumene anthu amayankhula ngati ife tomwe, kenaka n'kutsetsereka mpaka ku Moatize kwa migodi ya malasha. Munthu wobadwira kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, wozolowera chisanu cha mu June, kutentha kwa ku Tete kumam'tha mawu. Tinaoloka Zambezi pa mlatho wolendewera uja umene unamalizidwa mu 1973, womwe lero umatchedwa dzina la Samora Machel, ndipo tinapatukira pa lesitilanti ina ya khonde loyang'ana kumadzi.

Muyenera kumvetsa kuti ife akumtunda nsomba timaidziwa youma. Tili ana, usipa ndi utaka zinkabwera m'madengu panjinga kuchokera ku Salima ndi ku Nkhotakota, zitakwera mapiri onse aja. Za mpasa umene umakwera mtsinje wa Bua kukaswana tinkangomva m'nkhani za akuluakulu. Tsono kukhala pampando, mtsinje waukulu ukuyenda mwakachetechete pafupi, asodzi akupalasa mabwato, n'kukubweretsera nsomba yaiwisi yootcha, kwa ine chinali chinthu chachikulu. Kumeneko nsomba yofanana ndi chambo amaitcha pende, ndipo nsima amalemba kuti xima, koma pakamwa ndi yomwe ija.

Chinayamba kubwera ndi pepala la zakudya. Apa mpamene ndinaona kuti mwambi wa mutu wa nkhuku wagwa mphwayi. Kwathu mlendo safunsidwa chimene adye. Mayi wapakhomo amangogwira nkhuku, ndipo nthutumba iyenera kupezeka m'mbale ya mlendoyo, apo ayi ndiye kuti amunyoza. Kusankha ndi udindo wa mwini nyumba, chifukwa ulemu wake uli pamenepo. Mu lesitilanti udindowo amakubwezera, ndipo ukasankha molakwa palibe wom'dandaulira. Agogo anu anakana kulozapo chala. Anati, "Chimene abweretse n'chomwecho," mpaka mwana wawo anawasankhira.

Chinanditonthoza ndi ichi: mnyamata woperekera zakudya anabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi, n'kuyambira kwa ine, kenaka agogo anu, n'kumalizira mwana wanga. Palibe anamuuza. Ankayankhula Chinyungwe, ife Chichewa, ndipo tinkamvana mokwanira. Sizodabwitsa kwenikweni, pakuti malire awa ndi adzulodzulo. Ufumu wa Undi unali m'dziko lomweli la kumpoto kwa Zambezi, ndipo Achewa alipobe m'chigawo cha Tete mpaka lero.

Nsima itafika, ndinaona mnyamata wina atakhala pa chipupa chachifupi kunja kwa khonde, kachikwama kali pamiyendo. Sankapempha. Ankayang'ana kumtsinje, koma mphunzitsi amene waona ana anjala m'kalasi kwa zaka zambiri sasokonezeka ndi maso otere. Nditamumva akufunsa munthu njira m'Chichewa chakwathu, ndinakweza mawu ndi kuti, "Achimwene, tisambe!"

Mwana wanga anandikodola. Anati, "Abambo, muno si pakhomo. Muno mbale iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo eni malo sakondwera kuti tiziitana anthu apamsewu." Sindinganene kuti analankhula zopusa. Mwini lesitilanti ali pa malonda, amalipira antchito, ndipo ali ndi ufulu wonena amene akhale pamipando yake. Komanso munthu wapaulendo amene aitana aliyense wom'yang'ana sangafike kumene akupita.

Koma ine maganizo anga ndi akuti ndalama imene ndalipira yagula nsomba, sinagule mwambo. Pamene ndalipira, mbaleyo yasanduka yanga, ndipo pa kanthawi kameneko mwini khomo ndine. Choncho mwambi wa mame ukundimanga ine, ngakhale inenso ndili kwa eni. Kwathu kutema nthongo munthu akukuona, osanena ngakhale "tiyeni kuno", ndi khalidwe limene mwana amakalipiridwa nalo asanayambe n'komwe sukulu. Woitanidwayo akhoza kukana, ndipo nthawi zambiri amakana ponena kuti "zikomo, pitirizani", koma mawuwo ayenera kutuluka.

Tisaiwalenso kuti dziko lathu linalandira anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo yawo imene inatha mu 1992. Ambiri anakhala m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje, kudya ndi eni mudzi. Kwathu konkuno ku Dowa, Dzaleka yakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira mu 1994. Zikanakhala zachilendo kuti munthu wa m'boma limenelo achite manyazi kuitana mnzake pa nsima m'dziko la anthu amene tinawasunga.

Mnyamatayo anakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu anabwera. Woperekera zakudya sananene kanthu. Anangobweretsa mpando ndi beseni lija, ndipo mbale yowonjezerayo anailemba pa bilu monga zinayenera. Mlendo wathu anali wa cha ku Malomo ku Ntchisi, ankachokera ku Joni kumene ntchito inamuthera, ndipo ndalama zinam'thera pa Nyamapanda. Anali atadya komaliza dzulo lake m'mawa. Anadya mofatsa, mutu uli pansi, ndipo ngakhale anali ndi njala yotero anasiya kachidutswa ka nsima m'mbale, monga amachitira mlendo woleredwa bwino kuti ana apakhomo apezeko mkute. Agogo anu anaseka n'kumuuza kuti, "Malizani mwanangu, muno mulibe ana, zikatsala akataya."

Nkhani ya ndalama yothokozera woperekera zakudya inatipatsanso mtsutso. Kwathu kupereka ndalama utadya nsima pakhomo pa munthu ndi chipongwe, chifukwa kuthokoza kwake ndi kuomba m'manja ndi kunena kuti wakhuta. Mwana wanga anandifotokozera kuti malipiro a anyamata otere amakhala ochepa, ndipo kandalama kameneko n'kamene kamawathandiza. Pa ichi ndinagwirizana naye msanga. Iye anasiya ma meticais angapo pathebulo, ine ndinaomba m'manja, mnyamatayo n'kulandira zonse ziwiri.

Wa ku Malomo uja tinam'patsa yokwerera mpaka pa Dedza. Anagwada pang'ono, natifunsa mfunda wathu kuti akauze amayi ake, kenaka anauyamba wapansi kuoloka mlatho kukafuna galimoto za ku Moatize. Ife tinalowera kummwera, ndipo ine ndi mwana wanga tinakangana za nkhaniyi mpaka pa Changara, agogo anu ali m'tulo kumbuyo.