Ndinadula nyimbo ya agogo a mnzanga kuti ikwane gule

Chaka chatha ndinalowa kagulu kovina magule achi Scotland pa yunivesite yathu kuno ku Glasgow, makamaka pothawa kuzizira ndi kusungulumwa. Magule amenewa ali ndi masamu ake. Mumaima mizere iwiri moyang'anizana, kawirikawiri mapeyala anayi, ndipo gule wamba amatenga ma bar 32 a nyimbo, ogawidwa asanu ndi atatu asanu ndi atatu. Nyimbo ikhale reel, jig kapena strathspey, phazi liyenera kufika pamalo pake pa bar yomaliza. Bungwe la Royal Scottish Country Dance Society, lomwe Jean Milligan ndi Ysobel Stewart anayambitsa mu 1923 mumzinda uno, ndi lomwe linalemba ndi kusunga ambiri mwa malamulo amenewa.

Kumapeto kwa temu, aphunzitsi athu anati aliyense apeke gule wake. Ine ndinafuna kuoneka wanzeru. Mnzanga wina wochokera ku chilumba cha Lewis ankakonda kuimba nyimbo ya Chigaelic yomwe anaphunzira kwa agogo ake aakazi, ndiye ndinamupempha kuti ndiigwiritse ntchito. Inali ya mtundu wa òrain luaidh, nyimbo zomwe amayi a kuzilumba za Hebrides ankaimba pofewetsa nsalu ya ubweya. Ankakhala mozungulira thebulo, kumenyetsa nsalu yonyowa pathabwa ndi kupatsirana motsata mmene dzuwa limayendera, wina akutsogolera, ena akuvomera. Amene munamvapo amayi akuimba pamtondo mwaimva kale nkhaniyi.

Vuto linabwera nditayamba kuwerenga. Ndime imodzi pamodzi ndi kolasi yake zimakwana ma bar 10, osati 8. Ndinaona kuti kolasiyo ndi timawu topanda tanthauzo la mu dikishonale, ndiye ndinangodulapo ma bar awiri. Masamu anatheka. Tsiku loyeserera, mnzangayo anaimba kamodzi mmene ndinamuuzira, kenako anangokhala chete. Tikutuluka anandiuza mofatsa kuti pamene ndadulapo ndi pamene amayi onse ankalowera, ndipo chotsalacho ndi nyimbo ya munthu mmodzi.

Manyazi anandigwira. Ine amene m'kalasi ndimalemba za mmene atsamunda ankapotozera mayina ndi nyimbo zathu kuti zikwane m'mabuku awo, ndinachita zomwezo pa chiyankhulo chomwe kalembera wa 2011 anapeza kuti ochiyankhula mu Scotland ndi pafupifupi 57,000 okha. Ndinatenga chinthu cha eni ake n'kuchiyeza ndi rula yanga.

Ena m'gululo ankati ndisadziimbe mlandu, ndipo mfundo yawo si yopanda pake. Malamulo a ma bar ndi amene amachititsa kuti munthu wa ku Tokyo ndi wa ku Aberdeen avine pamodzi asanaonanepo. Komanso nyimbo za Chigaelic zovinira zilipo kale, zotchedwa puirt à beul, zomwe pakamwa pamagwira ntchito ya chida choimbira, ndipo zambiri zimakwana bwino mu reel kapena strathspey. Ndikanasankha imodzi mwa izo, bwenzi palibe nkhani. Koma ndinasankha nyimbo ya ntchito, ndipo amene wasankha nyimbo ndiye ayenera kupinda, osati nyimboyo.

Ndinayambiranso. Ndinakumbukira kuti gule wotchuka wa Mairi's Wedding, yemwe James Cosh anapeka mu 1959 pa nyimbo yomwe inayamba m'Chigaelic, ali ndi ma bar 40. Zoona, iye ndi magawo asanu a ma bar 8, koma anandisonyeza kuti 32 si lamulo lochokera kumwamba. Wanga ndinamupanga magawo anayi a ma bar 10. Pa ndime, peyala yoyamba imavina yokha ngati mtsogoleri wa nyimbo. Pa kolasi, onse amagwirana manja n'kuzungulira kumanzere, mmene nsalu ija inkayendera.

Pa ceilidh yotsekera temu anthu anasokonezeka kawiri, chifukwa mapazi awo anazolowera kuima pa bar yachisanu ndi chitatu. Aphunzitsi anati gule wanga sangalowe m'buku lililonse, ndipo sindinatsutse. Koma ulendo wachitatu, ovina ena anayamba kuvomera kolasi ija osauzidwa, ndipo mnzangayo anaimba nyimbo ya agogo ake yonse mpaka kumapeto.