Mapazi a Fisi si Fisi

Kwathu ku Mponela, m'boma la Dowa, mawu oti malungo ndi dengu lalikulu lomwe limanyamula matenda ambiri. Munthu akanyowa ndi mvula kumunda n'kuyamba kunjenjemera, timati ali ndi malungo. Akatandala tsiku lonse akusoka fodya m'chigafa n'kudzuka thupi likuphwanya, timatinso malungo. Agogo anga amasiyanitsa malungo a mvula, malungo a kutopa ndi malungo a udzudzu, koma kwa iwo mankhwala a onsewa ndi amodzi. Ine monga wophunzira za chiyankhulo ndinkaona ngati imeneyi ndi nkhani yongokambirana m'kalasi, mpaka tsiku lomwe idatsala pang'ono kutitayitsa mwana.

Agogowo sitingawaimbe mlandu chifukwa umu ndi mmene adazolowerera kuchipatala komwe. M'masiku awo zipatala zing'onozing'ono zambiri zidalibe maikulosikopu, choncho aliyense wotentha thupi ankangopatsidwa mankhwala a malungo osayezedwa magazi. Iwo adamwa kulolokwini woyabwitsa thupi uja mpaka mu 1993 pamene dziko la Malawi lidamusiya n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 kudabwera LA. Mu 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti munthu aziyamba wayezedwa asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo mu 2011 zipatala za m'dziko muno zidayamba kugwiritsa ntchito timapulasitiki toyezera malungo mwachangu, tomwe azachipatala amati mRDT. Pa nthawiyo ine ndidali ndi zaka 8, ndipo ndimakumbukira agogo akunena kuti sangakhulupirire kanthu kooneka ngati kachidole.

Kumayambiriro kwa Januwale 2024 ndili patchuthi, mvula ili pakati, mzime wathu wazaka 4 adadzuka thupi lili moto ndipo ankasanza. Ine ndi amayi tidamutengera kwa mlangizi wa zaumoyo yemwe amaona ana pakachipatala ka m'mudzi. Mlangiziyo adamubaya pachala, nadontheza magazi pakabowo ka kapulasitiki, kenaka adathira timadontho tamankhwala pakabowo kena. Patatha mphindi 15 padaoneka mizere iwiri, kusonyeza kuti malungo alipo. Mwana adayamba kumwa LA tsiku lomwelo, kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo sabata isanathe adali kale pabwalo kuthamangitsa nkhuku. Pamenepa kapulasitiki kadagwira ntchito yake. Tikadati tifunefune maikulosikopu, bwenzi titayenda ulendo wautali m'matope, mwana akutentherabe.

Patatha masiku khumi thupi lidatenthanso, koma ulendo uno ankatsokomola. Agogo sadachedwe kugamula mlandu. "Malungo abwerera amenewo. Iwe, thamanga ukagule LA kumsika," adatero. Amayi adakana kugula mankhwala osayezetsa, choncho tidapita pakachipatala kena kolipira komwe adamuyezanso ndi kapulasitiki. Padatulukanso mizere iwiri, ndipo adatiuza kuti amwenso LA. Agogo adandiyang'ana ngati akuti, mwaonatu. Koma usiku umenewo amayi sadagone. Adandidzutsa nkuti, "Tayang'ana mmene akupumiramu." Nditawalitsa tochi ndidaona mwana akupuma mwabefu, nthiti zikulowa m'kati. Kutangocha tidakwera akabaza a njinga zamoto mpaka pamsewu wa M1, ulendo wa kuchipatala chachikulu, agogo ali nawo.

Dokotala yemwe adatiwona adayamba wawerenga kabuku ka kuchipatala ka mwanayo. Ataona kuti wangomaliza kumene LA, adati, "Mayi, apa kapulasitiki sikangatiuze chilichonse. Pitani ku labotale akamuone magazi pagalasi." Adamumvetseranso m'chifuwa ndi kuwerenga kapumidwe kake, namugoneka nthawi yomweyo osadikira zotsatira. Ine ndidatsala pabenchi ya labotale pamodzi ndi anthu ena ambiri. Dontho la magazi adalipaka pagalasi, naliumitsa, nalithira utoto, kenaka katswiri adaweramira pamaikulosikopu kuyang'ana galasi limodzilimodzi. Dzuwa lidachita kufika paliwombo tikudikira. Zotsatira zitatuluka zidati m'magazimo simudaoneke kachilombo ka malungo ngakhale kamodzi. Mwana adali ndi chibayo. Adamuyamba jekeseni wa mankhwala olimbana ndi chibayocho, ndipo patatha masiku anayi tidatuluka naye akuyenda yekha. LA sachiza chibayo. Tikadakhala kunyumba masiku atatu kumadikira kuti mankhwala agwire ntchito, mwina nkhani ino ikadakhala ya maliro.

Tili m'chipatalamo agogo adafunsa funso lomwe lidandisowetsa mtendere: "Nanga wabodza ndani, kapulasitiki kapena galasi?" Nditafunsa kwa katswiri wa ku labotale uja, ndi kuwerenganso nditabwerera kusukulu, ndidapeza kuti palibe adanama. Ziwirizi zimafunafuna zinthu zosiyana. Maikulosikopu amaona kachilombo kenikeniko kali m'magazi, monga momwe dokotala wa asilikali a dziko la France, Alphonse Laveran, adakaonera koyamba ku Constantine m'dziko la Algeria mu 1880. Kapulasitiki sikaona kachilombo. Iko kamazindikira puloteni yotchedwa HRP2 yomwe kachilombo ka Plasmodium falciparum kamatulutsa, ndipo puloteni imeneyi imatha kukhalabe m'magazi masabata angapo tizilombo titafa kale. Ndidawauza agogo kuti zili ngati fisi amene wabwera kukhola usiku. Ngakhale mumuphe, mapazi ake amaonekabe pamatope mawa ndi mkuja. Kapulasitiki kadaona mapazi a fisi yemwe LA adapha kale, pamene galasi lidalowa m'khola n'kupeza kuti fisi mulibe.

Komatu izi sizikutanthauza kuti galasi ndi mfumu ya zonse. Maikulosikopu amafuna magetsi, utoto wabwino monga wa Giemsa, magalasi oyera ndiponso munthu wophunzira bwino ntchitoyo. Diso la munthu limatopa, ndipo amene waona magalasi ambiri chiyambire m'mawa akhoza kuphonya tizilombo tikakhala tochepa. Kumidzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi zinthu zonsezi sizipezeka pafupi, pamene kapulasitiki kamalowa m'chikwama cha mlangizi wa zaumoyo n'kukwera naye njinga mpaka komwe galimoto silifika. Kumbali inayi, galasi limachita zomwe kapulasitiki sikangathe. Limaonetsa kuchuluka kwa tizilombo, zomwe anthu amati mapulasi, ndipo dokotala amadziwa ngati mankhwala akugwira ntchito kapena ayi. Limasiyanitsanso mitundu ya tizilombo ta malungo, pomwe kapulasitiki kodalira HRP2 kamangodziwa mtundu umodzi wa falciparum. Palinso fisi wina amene sasiya mapazi. Mu 2010 akatswiri adalengeza kuti ku Peru apeza tizilombo ta falciparum tosatulutsa puloteni ija, ndipo mu 2016 dziko la Eritrea lidasintha timapulasitiki take pa chifukwa chomwechi. Kumalo otere munthu akhoza kudwala malungo enieni kapulasitiki n'kuonetsa mzere umodzi.

Choncho kufunsa kuti chabwino n'chiti pakati pa ziwirizi kuli ngati kufunsa kuti chofunika n'chiti pakati pa khasu ndi nkhwangwa. Mwana akatentha thupi koyamba kumudzi, kapulasitiki kamapulumutsa moyo chifukwa kamayankha msanga. Akatenthanso atangomaliza mankhwala, kapena akadwala kwambiri mpaka kugonekedwa, pamafunika diso la pagalasi. Chomwe chidapulumutsa mzime wathu ndi dokotala amene adadziwa malire a chipangizo chilichonse, komanso amayi amene adakhulupirira maso awo usiku uja.

Koma vuto lomwe landikhudza kwambiri ine ndi la mawu. Namwino akanena kuti "mwana alibe malungo," iye amatanthauza kuti m'magazi mulibe tizilombo tobwera ndi udzudzu. Agogo anga akamva mawu omwewo amamva kuti mwana sakudwala, pamene dzanja lawo likuwauza kuti thupi likutentha. Apa iwo amaona ngati achipatala akuwanamiza kapena akuwamana mankhwala, ndipo amatuluka n'kukagula LA kumsika. Zipangizo zonse ziwiri zimayeza kachigawo kamodzi kokha ka dengu lija, pamene mawu a Chichewa amanyamula dengu lonse. Ndikuona kuti ife ophunzira chiyankhulo tili ndi ntchito pamenepa. Bwanji wachipatala asamanene kuti, "Mwana akudwaladi, koma si malungo a udzudzu, tiyeni tifufuze chomwe chatenthetsa thupi"? Mawuwa ndi ataliko pang'ono, koma sathamangitsa munthu pachipatala.

Chaka chatha agogo nawo adadwala, thupi kuphwanya ndi kutentha. Mlongo wanga wamkulu adawatengera kuchipatala komwe kapulasitiki kadaonetsa mzere umodzi. Akuti sadanyamuke pampando monga ankachitira kale. Adamuyang'ana namwino uja nkuti, "Chabwino mwanawe, fisi ameneyo sadabwere. Nanga chandilowa m'khola n'chiyani?" Atawayeza bwino adapeza kuti adali ndi matenda a m'chikhodzodzo, ndipo adawapatsa mankhwala ake.