Kukumbukira Bambo Anga, Munthu wa Khasu

M'zaka za ubusa wanga ndaima pa manda ambiri, ndipo ndinkadziyesa wodziwa kutonthoza anamfedwa. Koma m'dzinja lapitali, pamene tinaika bambo anga ondibala kumudzi kwathu m'boma la Chifunde, pakamwa panga panauma. Analalikira ndi mbusa mnzanga, ine nditakhala pansi pakati pa abale anga monga wamasiye wina aliyense. Tsopano popeza mtima wakhala pansi, ndapempha malo m'tsamba lino kuti ndikufotokozereni za moyo wao, ndi phunziro limene ndinalipeza mochedwa pa khonde la nyumba yao.

Bambo anabadwa m'nthawi ya ulamuliro wa Apwitikizi. Ali mwana anaona amalume ao akutengedwa kukagwira chibalo, ntchito yokakamiza imene inathetsedwa pa lamulo m'chaka cha 1961. Sukulu sanapite nayo patali. Buku Lopatulika ankaliwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atakula analowa chikamwini m'mudzi wa amayi, napatsidwa tchire kuti aswe mphanje. Nkhondo yomenyera ufulu inali itafika kale m'chigawo cha Tete kuyambira 1968, koma iwo analima, namanga nyumba ndi nkhokwe, ndipo ufulu wa 1975 unawapeza ali ndi mbuzi m'khola.

Mtendere sunakhalitse. Nkhondo yapachiweniweni itafika kwathu, tinathawa usiku m'chaka cha 1987, ine ndili kamnyamata. Amayi anabereka mlongo wanga nasenza ufa pang'ono. Bambo anagulula khasu pa mpini, nalikulunga m'nsalu pamodzi ndi mbeu ya chimanga. Amayi atadandaula kuti chitsulocho chingotilemetsa panjira, iwo anati, "Mpini tikasema komweko, mitengo ili ponseponse. Koma chitsulo sichimera." Tinadutsa m'tchire mpaka kuoloka malire kulowa m'dziko la Zambia cha ku Katete, ndipo pambuyo pake anatisamutsira ku Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, kumene othawa nkhondo ochokera ku Mozambique ankapatsidwa malo olima.

Kumeneko mabungwe achifundo ankagawa chakudya, ndipo tinapulumuka nacho. Koma ndimakumbukira nkhope ya bambo pa mzere wolandirira chimanga: ankayang'ana pansi ngati munthu wogwidwa ndi mlandu. Anasema mpini, nazula zitsa kuyambira tambala woyamba kufikira dzuwa litapendeka, ndipo pasanathe zaka ziwiri nkhokwe inaima pabwalo pathu. Chilala cha 1992 chinapsereza munda wonse, koma chaka chomwecho, pa 4 Okutobala, pangano la mtendere linasainidwa ku Rome. Tinabwerera kwathu mu 1994. Pamudzi tinapeza thengo lokhalokha. Mitengo ya mango ndiyo inatisonyeza pamene panali nyumba yathu. Bambo sanalire kapena kutukwana munthu. M'mawa mwake anatenga nkhwangwa, nayambanso kachitatu.

Ulimi wa fodya utafala m'maboma a Chifunde, Macanga ndi Angónia, nawonso anaulowa. Amene munalimapo fodya mukudziwa kuti salola munthu kupuma: kuthirira nazale dzuwa la Okutobala lili pamutu, kuokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha tsamba ndi tsamba, kufikira kumanga mabelo. Zaka zina, atadula ngongole ya feteleza, zotsala zinali zochepa zedi. Pa mwambo wathu wa Chichewa ana ndi mbumba ya amalume ao, ndipo abambo ena ankabisala kumbuyo kwa mwambowo kuti asalipire sukulu. Bambo anga sanatero. Tonse anatiphunzitsa ndi thukuta lao.

Tsiku limene ndinawauza kuti ndamva maitanidwe a ubusa, anakhala chete nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti ng'ombe zao zapagoli ankasungira ine. Patapita sabata anagulitsa imodzi kuti ndipeze zondiyenereza ku sukulu ya ubusa ya Hefsiba ku Vila Ulónguè. Pondiperekeza ku msewu anangoti, "Pitani, mwana wanga, koma mukaigwire ntchitoyo ngati munda. Munda sunamizika."

Sindifuna kuwayeretsa ngati mngelo, pakuti anali munthu. Anali ouma mtima pa nkhani ya ntchito. Munthu ankamuyeza ndi zikhatho zake, ndipo mnyamata wodzafunsira mbeta pakhomo pathu ankayamba kumuyang'ana m'manja asanamve za kwao. Mau achikondi sanali pafupi ndi milomo yao. Inenso ndinatengera. Kangapo konse ndinalalikira pa 2 Atesalonika 3, pamene mtumwi Paulo akudzudzula aulesi, ndipo ndinkalalikira mwaukali, ndikuona bambo anga m'maganizo monga chitsanzo.

Zaka zitatu asanamwalire anadwala matenda ofa ziwalo mbali imodzi. Dzanja lamanja, limene linaswa mphanje katatu, linangolendewera. M'mawa uliwonse tinkawakhazika pa khonde, iwo n'kumaona anthu akupita kumunda makasu ali paphewa. Posakhalitsa anayamba kukana chakudya. Nditabwera kudzawaona ndinawadandaulira kuti, "Bambo, idyani, thupi lifuna mphamvu." Anandiyang'ana nati, "Abusa, si inu munatiphunzitsa za munthu wosagwira ntchito? Ndidyerenji nsima imene sindinailime?"

Abale anga, mau amenewo anandilasa. Ndinazindikira kuti ndinalalikira theka la choonadi. Paulo ankanena za anthu okana ntchito ali ndi mphamvu, osati za nkhalamba imene matenda aimanga manja. Koma ine sindinasiyanitsepo zimenezi pa guwa. Ndinasowa choyankha, ngakhale ndinali ndi mabuku odzaza bokosi.

Yankho linachokera kwa mdzukulu wao wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene anali atanyamula mbale ya phala. Anati, "Agogo, inenso sindilima, koma ndimadya tsiku lililonse. Kodi ndine wakuba?" Bambo anaseka koyamba m'miyezi yambiri, kenaka misozi inatsika, ndipo analola kuti mwanayo awadyetse.

Madzulo ake tinawerenga pamodzi fanizo la antchito a m'munda wamphesa pa Mateyu 20, pamene olembedwa ntchito dzuwa litapendeka analandira mofanana ndi oyamba m'mamawa. Anandiululira kuti moyo wao wonse fanizo limeneli linkawawawa, poona ngati mwini munda anakondera. "Ndinkadziika pakati pa olawirira," anatero. "Lero ndaona kuti ngakhale olawirirawo anachita kuitanidwa. Munda sunali wao." Usiku umenewo mlimi wosaphunzira anaphunzitsa mbusa tanthauzo la chisomo.

Kuchokera pamenepo anasintha. Khonde lija linasanduka sukulu. Zidzukulu zinkawazungulira, iwo n'kumaziphunzitsa kusankha chimanga cha mbeu, kuzindikira mtengo wabwino wa mpini, ndi kusema mosathamanga. Anazisimbira za ulendo wa usiku uja ndi za ku Ukwimi, nkhani zimene ife ana ao sanatiuzepo. Madzulo ankapempherera aliyense pomutchula dzina. Tsiku lina anapepesa amayi pamaso pathu chifukwa cha kuuma mtima kwao pa zaka zonsezo. Ndikhulupirira kuti zaka zitatu zimene manja ao sanagwire kanthu zinabala zipatso zosachepera zaka zonse za khasu.

Pa tsiku la maliro, adzukulu okumba manda anandionetsa kuti makasu ambiri amene anali nawo anali a mipini yosema bambo. Mayi wina wamasiye anaimirira nanena kuti kwa zaka zinayi bambo ankamulimira munda ndi ng'ombe zao osalandira kanthu, ndipo ife apabanja sitinkadziwa. Khasu lija linapita ku Zambia ndi kubwerako lilipobe. Linatha ndi kulima mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana, ndipo amayi analisomeka kudenga.

Kwa inu achinyamata ndikuti: gwirani ntchito, pakuti ulesi sulemekeza Mulungu ndipo sudzaza nkhokwe. Koma kwa ife amene makolo athu akalamba ndili ndi pempho lina. Ambiri tili kutali, ku Tete, ku Moatize, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo timatumiza ndalama pa foni n'kuyesa kuti takwaniritsa. Nkhalamba imene inalimbika moyo wake wonse imavutika ndi funso limene ndalama siziyankha: kodi ndikadali wofunika? Pitani mukakhale nawo pa khonde. Afunseni nzeru. Auzeni ndi pakamwa panu kuti si mtolo kwa inu. Ndipo ife alaliki tisamale kuti polimbikitsa khama tisasenzetse katundu odwala ndi okalamba.

M'malo mwa amayi ndi banja lonse, ndikuthokoza akulu a mpingo, amayi amene anaphika ndi kuimba usiku wonse, mafumu, ndi nonse amene munadzatikhuza. Bambo apumula ku ntchito zao, ndipo tidzaonana nawo m'mawa wa kuuka kwa akufa. Ambuye akudalitseni nonse.