Kalata kwa Mwana Wanga: Za Tiyi Wochepetsa Thupi

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza nthawi yakwana yakuti uchoke pakhomo pa makolo ako ndi kukakhala pakati pa anthu osadziwa mbumba imene unabadwiramo, ndipo popeza sindidzakhalako kuti ndiziona chimene ukuika kukamwa, ndati ndikulembere za chinthu chimodzi chimene chandisowetsa tulo, ndicho tiyi uja wa zitsamba amene atsikana a kumzinda amagulitsana pa WhatsApp ndi m'mahositelo, namati amaphwetsa mimba ndi kutsuka m'thupi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa matiyi amenewa, ngakhale paketi yake ikongole chotani ndi masamba obiriwira, ali ndi senna, cascara kapena utomoni wowawa wa aloe, zimene ntchito yake ndi kutsekula m'mimba basi. Zitsambazi zimatakasa matumbo aakulu kuti akankhe chimbudzi msanga, chonsecho mphamvu ya chakudya inalowa kale m'magazi podzera m'matumbo aang'ono. Motero chimene sikelo ionetsa kuti chachoka si mafuta ayi, koma madzi, ndipo amabwerera munthu akangomwa ena. Pamodzi ndi madziwo imatayika michere ya m'thupi, makamaka potaziyamu, amene akachepa miyendo imalefuka ndipo mtima umagunda mosokonekera.

Koma chondiopsa kopambana ndi cha matumbo enieniwo. Wakumwa tiyiyu madzulo amadzuka m'bandakucha m'mimba mukupotokola, nathamangira kuchimbudzi, nakondwera poyesa kuti zoipa zikutuluka. Akapitiriza chotero kwa miyezi, m'kati mwa matumbo mumada, ndipo tsiku limene aleka amapezeka atadzimbidwa, mimba ili tototo, kotero kuti amabwerera ku tiyi yemwe uja, naonjezera muyeso. N'chifukwa chake madokotala, amene nawonso amapereka senna kwa wodzimbidwa, salola munthu kumumwa kopitirira sabata imodzi asanawaone. Ndipo ku America, m'chaka cha 2002, boma linachotsa aloe ndi cascara pa mankhwala otsekula m'mimba ogulidwa popanda kalata ya dokotala.

Wogulitsa adzakuuza kuti n'zachilengedwe, sizipweteka. Umkumbutse kuti mwabvi umene unatha makolo athu unalinso khungwa la mtengo.

Thupi limene Mlengi anakuumbira ndi la kwathu, la amayi ako ndi agogo ako, ndipo silinatichititsepo manyazi. Ngati kulemera kwake kudzakuvuta, uchepetse mitanda ya nsima ndi zakumwa zotsekemera, uchulukitse ndiwo zamasamba ndi nyemba, uziyenda pansi. Ndipo ukadzaona magazi m'chimbudzi, kapena kutsekula kosaleka, kapena mnzako wogona naye chipinda chimodzi akuchita chizungulire ndi tiyi ameneyu, musabise; mupite kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula paketiyo, kuti adokotala akawerenge zolembedwapo.

Bambo ako ndi azakhali akupereka moni.

Ndine mayi ako.