Za Mnzanga Wokonda Sitima, Amene Anatisiya Mwadzidzidzi

Abale anga Akristu, inu amene muwerenga kalata iyi mwezi ndi mwezi m'nyumba zanu, ambiri mwa inu munamva kale kuti m'mwezi wa February chaka chino tinaika m'manda kalaliki wa sikelo wa pa munda wina wa tiyi kuno ku Thyolo, munthu uja ana a m'mudzi anali kumutcha a Njanji. Ine ndinamdziwa kuyambira ubwana wathu, pakuti tinabadwa chaka chimodzi, tinalandira Ukaristia woyamba tsiku limodzi, ndipo pa ukwati wache ndine ndinali mboni. Bambo Mfumu andilola kulemba za iye pano. Ndilemba chifukwa cha mau ena amene akhala ali kuyenda m'midzi chimwalirire iye, ndiponso chifukwa cha funso limodzi limene mkazi wache anandifunsa pa siwa, limene ndikhulupira kuti lili m'mitima ya ambiri.

Koma poyamba ndifotokoze za dzina lija, pakuti achinyamata ena ayesa kuti linali la chipongwe.

Agogo ache aamuna anathawa thangata m'minda ya Azungu, napita ku Joni pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nakhala zaka zambiri ali kuphika m'nyumba ya Mzungu wina ku Johannesburg. Atabwerera kwao ali okalamba, za migodi kapena za ndalama sanali kusimba iai. Nkhani yao ya madzulo onse inali ya tramu. Tramu ndiyo sitima yaing'ono yoyenda pakati pa misewu ya mumzinda. Njanji yache aikwirira mumsewu momwe, kotero kuti galimoto ndi anthu aoloka pamwamba pache; kumwamba kuli waya wa magetsi, ndipo pa denga la tramuyo pali mtengo wachitsulo wokhudza wayayo, umene ukoka mphamvu yoiyendetsa. Zambiri za ku Johannesburg zinali zosanja, anthu ena pansi, ena pamwamba. Ikafika pothera njanji sitembenuka iai: woyendetsa atsika, napita ku mutu winawo, mnzache natembenuza mtengo uja, ulendo wobwerera nuyamba. Agogowo anali kuonjezanso, mosaseka konse, kuti munthu wakuda anali ndi tramu yache ndipo Mzungu yache, ngakhale njanji inali imodzi ndi waya mmodzi.

Ife ana ena tinali kumva nkhanizi monga nthano, n'kugona. Mnzangayo sanali kugona. M'mawa mwache anali kuumba tramu ya dothi, naimika bango pa denga lache, namanga luzi kuchokera pa mtengo wa mapeyala kufikira pa nkhokwe kuti likhale waya. Sanadziwe kuti zimene anali kuumbazo zinali zitaleka kale kuyenda, pakuti tramu za ku Johannesburg, zimene zinayamba ndi akavalo m'chaka cha 1891 ndi kulandira magetsi m'chaka cha 1906, zinatha mu March 1961, ife tisanabadwe.

Popeza kuno kwathu kulibe tramu, chikondi chache chinagwera pa njanji yathu yomwe, ija itsika kuchokera ku Limbe, nipyola pa Luchenza, Khonjeni, Sandama ndi Thekerani, nitsata mtsinje wa Ruo kulinga ku Makhanga ndi ku Chiromo. Mbiri yache anaidziwa monga ife tidziwa katekisimu, ndipo anali kuinena kwa aliyense amene alakwa kukhala naye pafupi. Anali kuti Azungu anaimanga chifukwa madzi a m'Shire anali kuchepa, masitima a pamadzi namatitimira mumchenga. Kuti inayambira ku Port Herald, kumene lero titi Nsanje, nifika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Kuti kwa zaka zambiri katundu anali kuoloka Zambezi pa sitima za pamadzi, kufikira 1935 pamene anatsiriza mlatho wa Dona Ana, wa utali woposa makilomita atatu ndi theka. Tiyi wa ku Thyolo ndi wa ku Mulanje anali kumlonga m'mabokosi, nakwera pa Luchenza kunka ku Beira, nakagulitsidwa ku London. Tsiku lina, tili anyamata, anabwereka tepi ya mmisiri, nanditenga kukayesa mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo, kuti aone ngati mabuku anena zoona kuti ndi mafiti atatu ndi mainchesi asanu ndi limodzi. Anapeza momwemo, nakondwa sabata lonse.

Zaka zimene ndinali ku seminale yaing'ono, ndikabwera ku tchuthi ndinali kumpeza pa siteshoni. Sindinyengedwa kuti anali kudikira ine ndekha.

Moyo wache wonse anauthera poona chinthu chimene anachikonda chili kuchepa. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980. Madzi osefukira a 1997 anadula njanji ku Chiromo, sitima nizilekeza pa Makhanga. Madzi a January 2015 anaononganso kumunsiko, ndipo namondwe wa Freddy, mu March 2023, anagumula mapiri ndi milatho m'dera lathu lonse. Tiyi anasamukira pa malole. Inu a ku Sandama ndi ku Thekerani mudziwa koposa ine chimene sitima inali kwa inu m'masiku amene inali kuyenda bwino: inali msewu wa nthochi zanu, wa odwala anu, wa ana anu a sukulu, m'dziko la zitunda limene galimoto iopa nthawi ya dzinja. Mnzanga anali kunena zimenezi pa misonkhano iliyonse ya chitukuko, mpaka mafumu anazolowera kumpatsa mpata potsiriza, anthu atayamba kale kunyamuka. Kamodzi anapita ku Nkaya kukaona sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize kunka ku Nacala. Anabwerako wosakondwa kwenikweni. Anati n'zamphamvu ndithu, koma zipita monga mlendo wosapereka moni.

Tramu yeniyeni anaiona kamodzi kokha, ili chiimire. Monga anyamata ambiri a kuno, iyenso anapita ku Joni kukafuna ntchito, napeza ya kulima maluwa pa nyumba ina. Tsiku lina la kupumula anafunsa njira, nafika ku nyumba yosungiramo zoyendera zakale yotchedwa James Hall Museum of Transport, kumwera kwa mzinda wa Johannesburg. M'menemo anapeza tramu ya akavalo, ndi zija zosanja za magetsi zimene agogo ache anali kusimba. Anandiuza kuti anavula chipewa osadziwa. Mu May 2008, pamene anthu a kumeneko anaukira alendo, kuotcha nyumba zao ndi kupha ena, iye anathawa nabwera kumudzi ndi chikwama chimodzi. Zovala zambiri anazisiya, koma zithunzi za tramu anabwera nazo zonse, zokulungidwa m'pulasitiki. Mkazi wache sanaiwale zimenezo msanga.

Sindifuna kumsandutsa woyera mtima pa pepala. Anali wolankhulitsa, ndipo nkhani ya sitima ikayamba, nsima inali kuzizira. Anali wosapirira ndi anthu ochedwa. Pa Misa anali kukhala pafupi ndi khomo, nayang'ana wochi yache poyera ansembe akachedwa pang'ono, ndipo ine ndikatalikitsa chiphunzitso pa mapemphero a Lamulungu anali kutsokomola. Nthawi zina anali kutaya ndalama ya ndiwo pa tikiti ya ulendo wopanda chifukwa, kungopita ndi kubwerera. Koma mtima womwewo wofuna kuti chilichonse chikhale pa muyeso wache unampanga kukhala kalaliki amene amai othyola tiyi anali kumkhulupirira. Inu amene munasenzapo dengu la masamba kuyambira mbandakucha mudziwa kuti malipiro a munthu apachikika pa singano ya sikelo ndi pa cholembera cha kalaliki. Iye anali kutembenuza sikelo kuti mwini dengu aone yekha, natchula nambala mokweza asanailembe. Zaka khumi ndi ziwiri anasunga thumba la mphakati wathu, ndipo sipanasowe ngakhale tambala.

Anafa Lachiwiri, pa kuyesa kwa masana, nthawi imene tiyi achuluka ndipo mzere wa madengu utalika. Anayesa dengu lina, nalemba, nati mutu uli kumuwawa kwambiri. Anakhala pa thumba la masamba, nagwa chammbali. Sanalankhulenso. Anamkweza pa thirakitala yonyamula tiyi, pamwamba pa matumba omwewo anawayesa, koma anatsirizika asanafike ku chipatala. Ansembe anali ku tchalitchi china chakutali, ndipo pofika iwo anapeza thupi litazizira.

Maliro asanatuluke m'nyumba, manong'onong'o anali atayamba. Munthu wamphamvu, wa zaka 46, wosadwala, agwa bwanji masana dzuwa lili pamutu? Ena anatchula mnzache wa pa ntchito, ati anali kusirira malo ache. Ena anatchula mai wina wokalamba wa ku banja. Panali abale amene anafuna kupita kukaombeza. Abale anga, ndinena pano zimene ndinanena pa bwalo tsiku lija. A chipatala anati mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu chifukwa cha matenda a kuthamanga kwa magazi. Matenda amenewa akhala mwa munthu zaka zambiri osamva kupweteka, ndipo mankhwala ache amwedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale munthu adziona ngati wachira. Mnzanga anauzidwa zimenezi zaka ziwiri zapitazo. Anamwa miyezi yowerengeka, naleka poona kuti ali bwino. Mabotolo tinawapeza m'sutikesi, ena osatsekula. Chindiwawa kuti munthu wosunga nthawi ya sitima motero sanasunge nthawi ya mankhwala ache. Koma kutenga chisoni chathu ndi kukachisenzetsa nkhalamba yosalakwa ndilo tchimo lalikulu, la kunamizira mnzako, ndipo malemuyo, amene sanafune kulemba nambala yosaiona ndi maso, akadakana.

Funso la mkazi wache linali lina, ndipo linali lolemera koposa. Usiku wachiwiri, nyimbo zitadukiza, anandiitana pa khonde nati, "Aphunzitsi, anzanu apita osalapa, osadzozedwa mafuta oyera. Kodi Mulungu awalandira?"

Ndinati, "Alamu, ine sindine woweruza, ndipo ansembenso sali oweruza. Koma ndikuuzeni chimene Eklezia aphunzitsa."

Mu Litaniya ya Oyera Onse, monga makolo athu m'chikhulupiriro anali kuiimba, muli pempho lakuti Mulungu atipulumutse ku imfa ya mtundu wina, ndipo imfayo aitchula ndi mau awiri pamodzi: kudzidzimutsa kwache, ndi kusakonzeka kwa munthu. Mau awiriwo satanthauza chinthu chimodzi. Alipo munthu agona pa mphasa miyezi isanu, ansembe napita kawiri pa khomo pache, iye nakana kuyanjana ndi mbale wache; imfa yache siidzidzimutsa munthu, koma impeza wosakonzeka. Alipo wina agwa m'munda khasu lili m'manja, koma mtima wache unali pa mtendere ndi Mulungu ndi anthu. Sakramenti la kudzoza odwala ndi mphatso yaikulu, ndipo tichimwa ngati tichedwa dala kuitana ansembe wodwala ali kufooka. Koma masakramenti anaikidwa chifukwa cha ife. Chifundo cha Mulungu sichimangidwa ndi kutalika kwa msewu kapena ndi matope a mwezi wa February.

Ndinamuuzanso chimene anthu a pa thirakitala anandisimbira. Mai wina wa Legio ya Maria, wothyola tiyi, anakwera nao osaitanidwa. Anaika korona m'dzanja la wodwalayo, nawerama pa khutu lache, namnenera pang'onopang'ono pemphero la kulapa ndi maina a Yesu, Maria ndi Yosefe, njira yonse. Ngati anali kumva, adziwa ndi Mulungu. Mai ameneyu anachita chimene Mkristu aliyense ayenera kuchita pamene ansembe ali kutali, ndipo ndifuna kuti ana athu aphunzitsidwe zimenezi m'nyumba, pakuti ena anali pomwepo anangolira ndi kuthamanga uku ndi uku.

Sabata litapita, mwana wache woyamba anandibweretsera katoni ya makope 23. Ndiwo mabuku m'mene atate ache anali kulemba sitima iliyonse imene anaiona kapena kuimva: tsiku, ora, nambala ya injini, kuchuluka kwa mabogi, ndi mphindi zimene inachedwa. Makope oyamba ndi odzaza, tsamba limodzi sabata limodzi. Otsiriza ali ndi masiku ambiri olembedwa mau amodzi okha akuti, "Sinabwere." Ndili kutembenuza masambawo ndinaona kamtanda kakang'ono m'mphepete, kamodzi pa mwezi, nthawi zina kawiri, kuyambira chaka chimene anabwera ku Joni. Sindinadziwe tanthauzo lache kufikira mkazi wache atayang'ana masikuwo, nazindikira kuti ndi masiku amene ansembe anali kudza kuno kudzamva kulapa. Pali miyezi ina yopanda kamtanda, ndipo pali chaka chimodzi chathunthu chopanda, chimene ine ndichikumbukira bwino, pakuti anali pa mkangano wa malire a munda ndi mphwache. Pambuyo pache timitanda tiyambanso. Kotsiriza kali pa Loweruka loyamba la February, masiku khumi asanafe.

Mkaziyo anatenga kope limenelo naliika m'sutikesi pamodzi ndi kalata ya ukwati wao. Enawo, ndi zithunzi za tramu zija, mwanayo afuna kuwasunga, ndipo wavomera kuti aphunzitsi a sukulu aziwabwereka pophunzitsa ana mbiri ya dera lino. Thumba la mphakati tinaliwerenga pamaso pa akulu a mpingo, ndipo linafanana ndi buku lache. Tifuna munthu wina wolisunga, ndipo mpaka lero palibe wadzipereka.

Ndipempha mabanja onse kuti pa korona wa madzulo mumkumbukire, iye ndi mizimu yonse ya ku Purigatorio, ndiponso mai wamasiyeyo ndi ana ache anai, amene wamng'ono ali mu Sitandade 3. Misa ya kumpempherera idzachitika pa tchalitchi chathu chaching'ono Loweruka loyamba la mwezi wa mawa, 7 koloko m'mawa. Bambo Mfumu alonjeza kuti adzafika nthawi yache.