Galasi Lasiya Kutumphuka

Ndili mwana, wojambula zithunzi akafika pamudzi pathu, ine maso ankakhala pa chigalasi chakutsogolo kwa kamera yake, cholemera ndi chotumphuka pakati. Kusukulu aphunzitsi anatiuza kuti galasi limayenera kukhala lotero kuti likhotetse kuwala, ndipo kwa zaka mazanamazana zinalidi choncho. Ngakhale Augustin Fresnel wa ku France, amene m'zaka za m'ma 1820 anapepukitsa magalasi a nsanja zowunikira zombo powadula mizeremizere, sanathawe kupindika kwa galasi. Mpaka lero kamera ya foni imatuluka kumbuyo chifukwa mkati mwake mwasanjikizidwa timagalasi tingapo.

Zinthu zinatembenuka ndili wamkulu kale. Mu 2011 gulu la Federico Capasso pa yunivesite ya Harvard linasonyeza kuti chinthu chosalala, chopanda chitunda, chingakhotetse kuwala ngati pamwamba pake payalidwa tizinthu tating'ono mwadongosolo. Mu 2016 anapanga galasi losalala lotere, lotchedwa metalens, logwira ntchito ndi kuwala kumene maso athu amaona. Pamwamba pake paima timizati tambirimbiri ta titanium dioxide, kalikonse kotalika nanomita pafupifupi 600, kutanthauza kuti mungatisanjikize pafupifupi 100 kuti mufike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kamzati kalikonse kamachedwetsa kuwala mosiyana ndi kanzake, mpaka kuwala konse kukakumana pamalo amodzi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kapangidwe kake. Galasi lotere silipalidwa kapena kupukutidwa; limapangidwa m'mafakitale omwewo opanga tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta, ambirimbiri nthawi imodzi. Mu 2022 kampani ya STMicroelectronics, mogwirizana ndi kampani ya Metalenz, inayamba kugulitsa tizipangizo toyezera mtunda tokhala ndi magalasi otere. Vuto likadalipo: mitundu yosiyana ya kuwala imakonda kukumana m'malo osiyana, ndipo kupanga galasi lalikulu loona bwino mitundu yonse n'kovutabe.

Mu 2018 ofufuza a ku Harvard ndi a chipatala cha Massachusetts General anaika galasi lotere pa kachipangizo kounikira m'mapapo. Kumeneko n'kumene ndikufuna luso limeneli lilowere. Kuchipatala chaching'ono chakumudzi, makina oonera tizilombo ta malungo m'magazi ndi odula, ndipo akawonongeka amakhala nthawi yaitali osakonzedwa. Opanga magalasi opyapyalawa asathere pokongoletsa mafoni. Aganizirenso zipatala zotere.