Nkhokwe Imene Inakana Kugwa

Mlimi aliyense amadziwa kuti nkhokwe ikakalamba imasanduka nkhuni. Koma nkhokwe ya padoko la Cape Town, ku South Africa, siinathe chomwecho. Inamalizidwa m'chaka cha 1924, ya konkire, yotalika mamita 57, ndipo chimanga cha dzikolo chinkadikira sitima zapamadzi m'menemo. Itasiya ntchito m'chaka cha 2001, inasanduka bwinja la nkhunda.

Kuigumula kukadakhala kosavuta. Kuisunga ndiko kunali mutu waukulu, pakuti mkati mwake munalibe chipinda: munali migolo ya konkire 42 yothithikana ngati mabango. Katswiri wina, Thomas Heatherwick, anatenga njere imodzi ya chimanga nakuza maonekedwe ake, ndipo amisiri anasema bwalo lofanana nayo pakati pa migoloyo. M'chaka cha 2017 nyumbayo inatsegulidwa ndi dzina loti Zeitz MOCAA, yoonetseramo ntchito za aluso a mu Afirika.

Munthu atha kunena kuti njereyo n'kudzionetsera chabe. Komatu wolowamo, asanaone chithunzi ngakhale chimodzi, amayamba wakweza maso n'kuona migolo yodulidwayo ili yasaa, momwe munkatsikira chimanga.